Chitsulo Sichinakwatire Mwana Wanga

Nkhanu inkatsika phompho chafutambuyo, miyendo yake isanu ndi umodzi ikufufuza ming'alu ya thanthwe, wina ukagwira wina n'kusiya. Dzina lake lenileni linali lalitali, la zilembo ndi manambala, koma anthu a ku Mpata wa Nachiwale, kuseri kwa phiri la Mulanje, analibe nthawi ya zimenezo. Chinthu chachitsulo, chachikulu ngati ngolo, choyenda m'miyala ya mumtsinje, kwa iwo chinali nkhanu basi.

Woyendetsa wake, Festoni Muhiwa, sanali pafupi n'komwe. Anali m'kanyumba ka siteshoni pamtunda wa makilomita asanu, atalendewera pa malamba, atavala chisoti ndi chovala chothina chimene ankachitcha khungu. Akatambasula dzanja, mwendo wa Nkhanu unkatambasuka. Nkhanu ikaponda ndere, Festoni ankamva kuterera kuphazi kwake. Zimene maso a Nkhanu aona, iye ankazionera m'chisoti. M'chaka cha 2091 zimenezi sizinkadabwitsanso ngakhale ana a sukulu.

Ntchito yake inali yolondera Napolo, chigumula chija chimene chimatsika m'phiri chitasenza miyala ndi mitengo. M'matanthwe a pamwamba anakhomamo zitsulo zazitali zotchedwa makutu a phiri, zomvera madzi akamayenda pansi pa nthaka. Zonse zimene makutuwo amva zinkapita kwa Mtchera, kompyuta ya pasiteshoni, imene inkalankhula ndi Festoni yekha, m'khutu.

Yekha, chifukwa akatswiri anali ataphunzirapo kanthu. Zaka zoyamba anaika masaireni, anthu n'kuwazolowera ngati kulira kwa tambala. Anaika mawu a kompyuta, anthu n'kunena kuti ndi wailesi, khasu lili m'manja. Ndiye anakhazikitsa lamulo n'kulimangira m'kati mwa makinawo: Nkhanu izilankhula ndi mawu a woyendetsa wake okha, ndipo woyendetsayo akhale wa konkuno, munthu amene anthu amakumana naye pamaliro ndi kuchigayo. Zinathandizadi. Dzinja lachinayi linali likutha popanda munthu wokokoloka. Akatswiriwo anaganizira mvula, matope, mphenzi, ngakhale anyani oluma mawaya. Apongozi okha ndi amene sanawaganizire.

Apongozi ake a Festoni anali a Namilanzi, mayi wamfupi, wouma mutu, wa zaka makumi asanu ndi awiri. Mabanja ambiri anali atasiya kalekale mwambo woti mkamwini ndi apongozi ake azithawana, koma a Namilanzi ankati wofuna kusiya asiye, iwo anaupeza ndipo adzausiya pofa. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi Festoni anakhala pamudzi wa mkazi wake, nyumba yake ikuyang'anizana ndi ya apongoziwo, koma nkhope yawo sankaidziwa bwinobwino. Ankadziwa msana wawo, duku lawo, ndi changu chimene ankalowera nacho m'tchire akamuona panjira. Mawu ankadutsira mwa mkazi wake Esinala, kapena mwa mwana wawo Tamvana asanapite ku koleji. Pakasowa munthu, mayiwo ankatuma chilichonse chimene chili pafupi: "Khonde iwe, uwauze bambo a Tamvana kuti nkhuku zawo zikutha mapira." Festoni ankayankha khondelo mwaulemu wonse. Ankawakonda mayiwo, kungoti analibe polowera kuti awauze.

Tsiku limenelo namondwe wochokera ku Mozambique anali atakhala pamwamba pa phiri masiku awiri. Kumunsi kunkangowaza. Nkhanu itangoponda pansi pa mpata, cha m'ma teni koloko m'mawa, Mtchera analankhula.

"Bambo Muhiwa, phiri lagumuka pamwamba pa mathithi. Dothi latseka mtsinje ndipo madzi akudzaza kuseri kwake. Likaphulika, mumpata monse mudzaza."

"Tili ndi nthawi yaitali bwanji?"

"Ola limodzi. Mwina kuchepera apo."

Festoni anayenda ndi Nkhanu dimba ndi dimba akufuula mayina, ndipo anthu atamva kuti ndi iye anataya makasu n'kukwera njira yopita kusukulu ya pachitunda. Munthu aliyense wa m'deralo ankavala chibangili chochenjeza, ndipo Mtchera ankawerenga zibangilizo zikamafika.

"Onse akwana," anatero pamapeto pake. "Zibangili zonse zili pasukulu."

Mtima wa Festoni unali utangoyamba kukhala pansi pamene foni ya mkazi wake inalowa m'chisoti.

"Bambo a Tamvana, amayi kulibe kuno!"

"Mtchera akuti alipo."

"Alipo chiyani! Chibangili chawo chili m'khosi mwa mbuzi. Akuti mbuziyo ndi imene imasochera, osati iwo. Khasu lawo kulibenso, ndiye ndikuganiza kuti..."

Mawu anaduka pomwepo. Mphepo inali itagwetsa nsanja ya mafoni.

Festoni sanafunikire kuuzidwa zotsalazo. Dimba la a Namilanzi linali kumunsi kwenikweni, pamene makoma a mpata amayandikana mpaka dzuwa limangofikapo masana okha. Anatembenuza Nkhanu n'kuyamba liwiro la mtondo wadooka, kudumpha mwala ndi mwala, thukuta lili kamukamu m'khungu lija. Chimene chinamuopsa kwambiri chinali mtsinjewo. Unali utaphwa. Nachiwale, amene phokoso lake anthu amagona nalo n'kudzuka nalo, anali zii, nsomba zikuphiriphitha m'matope.

"Mphindi khumi ndi zisanu," anatero Mtchera.

Anawaonera patali, atawerama pakati pa nthochi, akupalira ngati tsiku lina lililonse.

"Amayi! Amayi! Napolo akubwera!"

A Namilanzi anaweramuka. Atazindikira mawuwo, anachita zimene anakhala akuchita zaka zonsezi. Anaponya khasu, analowa m'nzimbe, n'kutembenuza msana.

"Munthuyo akuthawa," anatero Mtchera. "Kodi akuopa makina?"

"Ayi. Akuthawa ine."

"Munawalakwira?"

"Ndinakwatira mwana wawo."

"Sindikumvetsa."

"Tilibe nthawi yoti umvetse. Lankhula nawo iweyo!"

"Sindingathe. Pakamwa pa Nkhanu ndi panu nokha. Mphindi khumi ndi zitatu."

Festoni anafuna kuthamangira m'nzimbemo n'kuwanyamula mokakamiza, koma ankawadziwa. Akanalowa m'kati kwambiri, m'ziyangoyango mmene Nkhanu singadutse. Ndiye anameza mantha ake, anapinda miyendo yonse isanu ndi umodzi mpaka chitsulocho chinagwada m'matope, n'kulozetsa maso ake pa tsinde la nthochi.

"Nthochi iwe, undiperekere moni kwa amayi. Uwauze kuti phiri lagumuka, madzi ali m'njira."

M'nzimbe munachita kaphokoso.

"Nthochi, uwauze kuti ndamva, zikomo kwambiri. Atsogole, ndibwera pambuyo ndikadula mkoko umodzi uwu."

"Nthochi, uwauze kuti njira ya pansi ndi ya mphindi makumi anayi, madzi afika pasanathe mphindi khumi ndi ziwiri. Njira yatsala imodzi, yokwera phompholi. Akwere pamsana pa Nkhanu."

A Namilanzi anasunthira m'kati mwa nzimbe.

"Nthochi, uwafunse ngati akuzimva zimene akunenazo. Ine kuberekedwa ndi mkamwini? Mayi anga m'manda angatembenuke. Bola akanditole kumunsi mumtsinje wa Ruo, ulemu wanga ndili nawo."

Sanali kuseka. Festoni anamva m'mawuwo kuti mayiwo akuopa imfa ngati munthu wina aliyense, koma manyazi akuwaopa kuposa imfayo. Misozi inalengeza m'maso mwake, m'chisoti mmene sakanatha kuipukuta.

"Nthochi, uwauze kuti ine ndili ku siteshoni, makilomita asanu kuchokera pano. Chagwada apachi ndi chitsulo."

Nzimbe zinagwedezeka. Panaoneka nsonga ya duku.

"Chitsulocho chinakwatira mwana wanga?"

"Ayi, amayi."

"Chinadyapo m'mbale yanga?"

"Sichidya n'komwe."

"Nanga ndikachigwira, amva ndani?"

"Nenani kuti palibe," ananong'oneza Mtchera. "Mphindi zisanu ndi zinayi."

Koma Festoni anali asanawanamizepo apongozi ake. N'zoona kuti kunamiza munthu amene sulankhula naye n'kovuta, komabe mbiri yabwino ndi yabwino, ndipo sanafune kuiwononga tsiku loyamba kulankhula nawo.

"Pakali pano ndimva ndine. Koma ndizimitsa. Mtchera, zimitsa khungu la kumsana."

"Mukatero simudziwa kumene katundu wapendekera. Paphompho lonyowa chonchi mukhoza kugwa nonse."

"Zimitsa."

Msana wake unachita dzanzi kuyambira m'khosi mpaka m'chiuno.

"Ndazimitsa. Chitsulochi tsopano kumsana sichimva kanthu. Wokwerayo azichiuza yekha akamatsetsereka, apo ayi chimutaya."

A Namilanzi anatuluka m'nzimbe, maso ali kumbali, mpaka anafika pafupi. Anachimenya chitsulocho pang'ono ndi chikhato ngati akuyesa dzungu.

"Chitsulo iwe, khala pansi bwino. Miyendo yanga si ya mtsikana."

Atakwera, malamba a Nkhanu anawazinga okha, koma iwo sanawakhulupirire. Anamasula chitenje chapamwamba, anachikulunga pa chogwirira, n'kudzimanga mfundo ziwiri. Mphindi zinali zitatsala zisanu ndi imodzi pamene mwendo woyamba unagwira thanthwe.

Kukwera wopanda msana kunali ngati kusenza mtsuko pamutu wa munthu wina. Festoni ankaona mwala patsogolo pake, ankamva kuzizira kwake m'zala, koma kumbuyo kunalibe kanthu. Atakwera mamita khumi, Nkhanu inayamba kupendekera kumanja iye osadziwa.

"Kumanzere, chitsulo! Ukufuna kunditaya ngati thumba la deya?"

Anawongola.

"Eya, choncho. Tsopano pang'onopang'ono. Ayi, osati pang'onopang'ono choncho, madzi akubwera!"

Mtchera anangoti chete, poona kuti ntchito yake yapeza mwini.

Napolo anayamba ndi fungo, fungo la dothi lofukulidwa kumene ndi mitengo yothyoka. Kenako thanthwe linanjenjemera m'manja mwa Festoni. Kenako phokoso, lalikulu moti mawu a mayiwo anamira. Pokhota pa mpata panatulukira khoma lofiirira, lalitali kuposa denga la tchalitchi, miyala yaikulu ikugubuduzika patsogolo pake ndipo mitengo ya mkungudza itaimirira m'katimo mizu ili m'mwamba. Festoni anaona kakhonde ka mwala pamwamba pake, anatambasuka ndi mphamvu zake zonse, n'kukakowa ndi miyendo yakutsogolo. Nthawi yomweyo chipika chinamenya miyendo yakumbuyo. Ululu unalowa m'ntchafu zake zenizeni ku siteshoni kuja, ndipo anakuwa. Koma sanasiye. Anadzikoka, anakankhira thupi la Nkhanu mumng'alu wa pakhondepo, n'kukhoma mfundo zonse za miyendo yotsala kuti zisasunthenso.

"Miyendo itatu yapita," anatero Mtchera. "Madzi ali mamita awiri pansi panu ndipo sakweranso. Nkhanu ina, ya ku mpata wa Namadzi, ifika pakatha maola anayi. Wokwerayo wanyowa thupi lonse. Musalole kuti agone, kuzizira kungamutenge."

Festoni ankangomva kupuma kumbuyo kwake.

"Amayi?"

A Namilanzi anali akuyang'ana pansi, pamene panali dimba. Nzimbe, zinanazi, nthochi zimene anadzala ndi malemu amuna awo, zonse zinali pansi pa matope othamanga.

"Nthochi zanga zapita," anatero motsitsa mawu.

Zinali zitapitadi, ndipo pakhonde la mwalalo panalibenso china chotuma. Panali iwo ndi chitsulo basi.

"Chitsulo, wavulala? Ndinamva ukukuwa."

"Pang'ono, amayi. Zipola."

"Unakuwa ngati mbuzi yogwidwa ndi fisi."

"Musagone, amayi. Muzilankhula. Chilichonse."

"Ndilankhule chiyani ndi chitsulo?"

Koma analankhula. Anayamba ndi dimba, chaka chimene analitsegula, ndi mmene amuna awo anagwera mumtsinje atasenza mbewu za nthochi. Mano akugwedezeka ndi kuzizira, anapita patsogolo, ndipo pofika ola lachiwiri nkhani zinali zitayandikira kunyumba.

"Chitsulo, ndikuuze chinsinsi. Mkamwini wanga uja poyamba ndinamukana."

"Chifukwa chiyani, amayi?"

"Miyendo. Ndinasuzumira pazenera tsiku la chinkhoswe, ndinaona timiyendo ngati ta kakowa. Ndinati uyu angalime? Esinala analira masiku atatu, ndiye ndinalola."

"Nanga analima?"

"Analima. Koma amaimba polima, ndipo mawu ake si a nyimbo. Zaka zonsezi ndasowa womutuma kuti amuuze. Khonde linakana."

Festoni anaseka mpaka malamba a ku siteshoni anagwedezeka. Mtchera anafunsa ngati akudwala.

"Usaseke, chitsulo, ungatigwetse. Ndisanamalize. Chaka chimene bambo ake a Esinala anatisiya, ndinapita kukakhala kwa mchemwali wanga mwezi wathunthu. Pobwera ndinapeza denga langa silikudonthanso. Ndinafunsa aliyense, aliyense anati sakudziwa. Koma misomali inali yokhota. Munthu wokhoma misomali yokhota pamudzi pathu ndi mmodzi."

Mayiwo anapitiriza.

"Mvula ikamagwa ndimagona pouma n'kumati, Mulungu, munandimana mwana wamwamuna, koma munabweza pakhomo lina. Mawu amenewa akhala akundilemera pamtima. Ndinkaopa kuti ndidzapita nawo kumanda. Lero ndikanapita nawodi." Anapuma. "Usakamuuze, wamva?"

"Sindikamuuza, amayi. Koma ndikuganiza kuti nayenso ali ndi mawu. Amati mayi ake anamusiya ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Amati amamudziwa wophika mpunga wa nyama umene amaupeza pakhonde chaka chilichonse pa tsiku lake lobadwa, chifukwa Esinala sathira tsabola chonchija. Amati pamudzi pano anabwera kudzafuna mkazi, n'kupezanso mayi."

Kumsana kunali chete nthawi yaitali, mpaka Festoni anachita mantha kuti agona.

"Amayi?"

"Ndili maso. Mvulayi ikundilowa m'maso, basi."

Mvula inali itasiya kalekale.

Dzuwa litapendeka, Nkhanu ya ku Namadzi inatsika kuchokera pamwamba, yoyendetsedwa ndi mayi wina amene a Namilanzi anamufunsa kaye kuti ndi mwana wa ndani asanalole kusamuka. Pasukulu Esinala anawakumbatira akulira n'kuwakalipira nthawi imodzi, ndipo chibangili chinachoka m'khosi mwa mbuzi tsiku lomwelo.

Patatha sabata amisiri anakoka Nkhanu ya Festoni ndi zingwe. Anaiyang'ana n'kupukusa mitu. Miyendo itatu kulibe, msana wopindika. Chamoyo chinali khutu ndi pakamwa basi. Anati ipite kokaphwanyidwa. Asanaikweze m'lole, a Namilanzi anafika n'kukhala pamwamba pake, ndipo anati wofuna kuitenga atenge ndi iwo omwe. Amisiriwo anali ndi nzeru zokwanira. Anaitula pansi pa mpeyala kuseri kwa nyumba ya mayiwo, n'kuisiyira kambale kotapa mphamvu ya dzuwa.

Festoni anapatsidwa Nkhanu yatsopano. Pamudzi palibe chinasintha: a Namilanzi ankamupatsabe msana, iye ankayang'anabe pansi. Koma masana aliwonse, ntchito ikachepa, kagetsi ka Nkhanu yakale ija kankayaka pasiteshoni, ndipo Mtchera, amene anali atasiya kufunsa mafunso, ankangoti, "Pansi pa mpeyala akukufunani."

Ankakamba za mbewu, za mbuzi, za mnyamata amene Tamvana anayamba kumutchula kawirikawiri pafoni. Tsiku lina, mapeyala atayamba kugwa, mayiwo anakhala pamenepo akusenda chinangwa.

"Chitsulo, uli maso?"

"Ndili maso, amayi."

"Lero lokha ndikutuma. Ukawauze bambo a Tamvana kuti tsiku langa likadzafika, bokosi langa kutsogolo adzanyamule iwowo. Paphompho paja anandibereka osandimva. Tsiku limenelo sipadzakhala chozimitsa. Adzandimve paphewa pawo, adzadziwe kuti sindilemera."

Festoni anavula chisoti n'kukhala pansi, nkhope ili m'manja. Patapita nthawi anachivalanso.

"Amva, amayi. Akuti musafulumire."

"Ndani akufulumira? Ndili ndi dimba loti nditsegule."

Akatswiri amene anapanga Nkhanu anailemba m'mabuku awo kuti inawonongeka pa ntchito, osadziwa kuti katundu wolemera kuposa yense inayamba kunyamula itathyoka miyendo.